Munthu amayamba liti? Masiku 14 oyamba a mluza ndi malamulo amene akukhudza njira zolera

Pa 16 February 2024, khoti lalikulu la chigawo cha Alabama ku America linapereka chigamulo chimene chinaimitsa mitu madokotala. Nkhani yake inayamba chonchi. Pachipatala china mumzinda wa Mobile ankasunga miluza ya anthu m'mathanki ozizira kwambiri, kudikira tsiku limene eni ake adzafune kuti iikidwe m'chiberekero. Mu December 2020 wodwala wina analowa m'chipinda chosungiramo n'kutulutsamo miluza ingapo. Kuzizira kuja kunamupweteka dzanja ngati wagwira moto, iye n'kuitaya pansi, ndipo inawonongeka. Mabanja atatu anakasuma. Oweruza anafunika kuyankha funso limodzi: kodi chimene chawonongekachi ndi katundu, kapena ndi ana? Iwo anati ndi ana, ndipo anagwiritsa ntchito lamulo la m'chaka cha 1872 lokhudza imfa ya mwana.

Pasanathe masiku 10, zipatala zitatu za m'chigawocho, kuphatikizapo cha yunivesite ya Alabama mumzinda wa Birmingham, zinaimitsa ntchito yothandiza mabanja osabereka kudzera mu IVF. Madokotala ankaopa kuti mluza ukangowonongeka mu labu, azengedwa mlandu wa imfa ya mwana.

Mwina mukuti, za makhoti zalowa bwanji m'phunziro la sayansi? Zalowa chifukwa mkangano wonsewu watsamira pa mutu umene mumaphunzira mu Biology, wa kuberekana kwa anthu. Amene sadziwa zimene zimachitika m'thupi pa masiku 14 oyamba sangamve chifukwa chake lamulo lolembedwa kuti liletse kuchotsa mimba limatha kukafika mpaka pa lupu, pa mapiritsi olera a pangozi, ndi pa chithandizo cha mayi amene akupita padera. Tiyeni tiyambe ndi thupilo.

Ulendo wa masiku 14

Pafupifupi kamodzi pamwezi, homoni yotchedwa LH imakwera mwadzidzidzi m'magazi a mkazi, ndipo limodzi mwa matumba awiri a mazira limatulutsa dzira. Dziralo ndi laling'ono, pafupifupi mamilimita 0.1. Limalowa m'kachubu kolowera kuchiberekero, kamene m'kalasi mumati oviduct, ndipo limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 basi. Mbewu za mwamuna n'zopirira kuposa pamenepo: zimatha kukhala zamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, zikudikira dzira.

Mfundo imeneyi muigwiritsitse, tidzaifunanso kutsogoloku. Dzira ndi mbewu sizikumana nthawi yomweyo imene anthu agonana. Anthu atha kugonana Lolemba, dzira n'kutuluka Lachinayi, kukumanako n'kuchitika Lachinayi lomwelo.

Mbewu imodzi ikalowa m'dzira, ma chromosome 23 a mayi ndi 23 a bambo amaphatikizana kukhala 46. Uku ndiye kumene mabuku anu amati fertilisation, ndipo selo limodzi limene lapangidwalo ndi zygote. Patapita pafupifupi tsiku limodzi selolo limagawikana kukhala awiri, kenako anayi. Pofika tsiku lachitatu maselo amakhala pafupifupi 8. Pa tsiku lachisanu kamluzako kamakhala kampira kokhala ndi timadzi m'kati, ka maselo pafupifupi 100, kotchedwa blastocyst. Nthawi yonseyi kakungoyenda, sikanagwire paliponse, ndipo palibe choyezera cha kuchipatala chimene chingauze mayi kuti kalipo.

Kuyambira cha pa tsiku la 6 kapena la 7, kamluzako kamayamba kumamatira ndi kulowerera m'khoma la chiberekero, ntchito imene imatenga masiku angapo. Uku ndi kukhazikika, kapena kuti implantation. Maselo amene adzakhale nsengwa amayamba kutulutsa homoni ya hCG, imene imauza thupi kuti msambo usabwere. Kachipangizo koyezera mimba ndi mkodzo kaja kamafufuza homoni yomweyi. Popanda kukhazikika, palibe hCG m'mkodzo, ndipo kachipangizoko kamati mimba palibe.

Pali zinthu zina ziwiri zofunika kuzidziwa. Choyamba, m'masabata awiri oyambawa mluza umodzi utha kugawikana n'kukhala mapasa ofanana. Cha pa tsiku la 14 kapena 15 pamaoneka kamzere kotchedwa primitive streak, kamene kamasonyeza kumene kudzakhale mutu ndi kumene kudzakhale msana, ndipo zikafika apa kugawikana kuja kwatha. Chachiwiri, miluza yambiri siifika patali. Mu 1988 Allen Wilcox ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 221 a ku America amene ankafuna kutenga mimba. Ankayeza mkodzo wawo wa tsiku ndi tsiku kufunafuna hCG. Anapeza kuti pa mimba 100 zilizonse zimene zinakhazikika, 31 zinachoka zokha, ndipo zambiri mwa izo zinachoka mayi asanadziwe n'komwe kuti anali woyembekezera. Apa sitinawerenge miluza imene siikhazikika n'komwe. Nthawi zambiri chochititsa chimakhala vuto la ma chromosome, osati chinthu chimene mayi analakwitsa.

Ndiye mimba imayamba liti?

Apa pali ziganizo ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Choyamba: kukula kwa chamoyo chatsopano, chokhala ndi DNA yakeyake, kumayamba dzira likakumana ndi mbewu. Chachiwiri: mimba, monga mmene thupi la mayi lilili, imayamba mluza ukakhazikika m'chiberekero. Mabungwe a madokotala monga American College of Obstetricians and Gynecologists amatsatira tanthauzo lachiwirili akamanena za mimba. Taganizani za mluza wa m'thanki ku Mobile uja: mluza ulipo, koma palibe mayi amene ali ndi pakati.

Pakati pa kukumana ndi kukhazikika pali mpata wa pafupifupi sabata imodzi. Mkangano wonse wa njira zolera wagona mumpata umenewu.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi kawerengedwe ka kusikelo. Anamwino amawerenga masabata kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, osati tsiku limene dzira linakumana ndi mbewu. Choncho "mimba ya masabata 6" ndi mluza wa masabata pafupifupi 4, ndipo mayi amakhala ataphonya msambo ndi masabata awiri okha.

Malamulo a personhood amati chiyani?

Ku America malamulo amenewa amawatchula kuti a personhood. Tisawamasulire kuti "umunthu", chifukwa kwathu kuno umunthu ndi khalidwe labwino. Personhood ndi funso la malamulo: kodi ndani amene lamulo limamuwerenga ngati munthu, woti ali ndi ufulu ndiponso woti wina atha kuimbidwa mlandu womuvulaza? Malamulo a personhood amati kuwerengako kuyambe mwana asanabadwe, ndipo ambiri amati kuyambe pa fertilisation.

Mu 1973, pa mlandu wa Roe v. Wade, khoti lalikulu la dziko lonse la America linagamula kuti mayi ali ndi ufulu wochotsa mimba m'miyezi yoyambirira. Anthu otsutsa chigamulochi anayesa njira zambiri, ndipo imodzi inali kusintha tanthauzo la mawu akuti "munthu" m'malamulo a zigawo. Ku Colorado anthu anavota katatu, mu 2008, 2010 ndi 2014, ndipo maulendo onse anakana. Chodabwitsa chinachitika ku Mississippi pa 8 November 2011. Chigawochi chimadziwika kuti anthu ake ambiri amadana ndi kuchotsa mimba, komabe ovota 58 pa 100 alionse anakana lamulo lonena kuti munthu amayamba pa fertilisation. Chinawabweza n'chiyani? Madokotala ndi makolo anafunsa mafunso amene lamulolo silinkayankha: nanga lupu? Nanga IVF? Nanga mimba yokhala m'kachubu?

Pa 24 June 2022, pa mlandu wa Dobbs, khoti lalikulu lija linafafaniza chigamulo cha Roe n'kusiyira chigawo chilichonse mphamvu yopanga lamulo lake. Malamulo ena amene anali chigonere anadzuka. Ku Georgia, mwachitsanzo, mluza umawerengedwa ngati munthu kuyambira pamene makina ayamba kuona kugunda m'maselo amene akupanga mtima, cha pa masabata 6, moti makolo amaloledwa kuulemba ngati mwana pochepetsa msonkho.

Njira zolera zimagwira ntchito pamalo ati?

Tibwerere ku ulendo uja, tione pamene njira iliyonse imatchinga.

Makondomu amatchinga mbewu kuti zisalowe. Ndi okhawo pa njira zonsezi amene amatetezanso ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Mapiritsi a tsiku ndi tsiku, jakisoni wa miyezi itatu monga Depo-Provera, ndi timapulasitiki ta pamkono monga Implanon ndi Jadelle, zonsezi zili ndi mahomoni ofanana ndi a m'thupi. Ntchito zake zazikulu ndi ziwiri: kuletsa dzira kutuluka, ndi kulimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu zilephere kudutsa. Popanda dzira, kapena popanda mbewu yofika pa dzira, palibe zygote.

Lupu ya kopa imaikidwa m'chiberekero ndipo imagwira ntchito zaka 10 kapena kupitirira. Kopayo amafooketsa mbewu, zimalephera kusambira bwino ndi kulowa m'dzira. Imeneyi ndiyo ntchito yake yaikulu. Koma lupu imasinthanso m'kati mwa chiberekero, ndipo ikaikidwa ngati njira ya pangozi, pasanathe masiku 5 chigonanireni, itha kulepheretsanso dzira limene lakumana kale ndi mbewu kuti likhazikike. N'chifukwa chake lupu imatchulidwa kawirikawiri pa mkanganowu.

Tsopano ikani lamulo la personhood pamenepa. Ngati munthu amayamba pa kukhazikika kapena pambuyo pake, njira zonsezi ndi kulera basi. Koma ngati munthu amayamba pa fertilisation, njira iliyonse imene wina angaiganizire kuti imalepheretsa kukhazikika, ngakhale mwa apo ndi apo, itha kutchedwa kupha. Lamulo silifunika kutchula lupu ndi dzina. Tanthauzo la liwu limodzi ndi lokwanira kuika dokotala, wogulitsa mankhwala ndi mayi pa mantha.

Nkhani ya mapiritsi a pangozi

Mapiritsi olera a pangozi ofala kwambiri ali ndi mankhwala a levonorgestrel, mamiligalamu 1.5, ndipo amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka pasanathe maola 72. Ku America amadziwika ndi dzina lakuti Plan B. Kwa zaka zambiri kapepala ka m'bokosi lake kankanena kuti mwina mankhwalawa amalepheretsanso kukhazikika. Mawu amenewo analembedwa umboni wokwanira usanapezeke, koma anthu ambiri anawatenga ngati mfundo yotsimikizika.

Asayansi anachita chimene asayansi amachita: anayesa. Ku Australia ndi ku Chile anayeza magazi a amayi amene anabwera kudzafuna mapiritsiwa, kuti adziwe ngati dzira linali litatuluka kale kapena ayi. Ganizani nawo limodzi. Mapiritsi akanakhala kuti amalepheretsa kukhazikika, akanagwirabe ntchito ngakhale dzira litatuluka. Zimene anapeza n'zakuti mwa amayi amene anamwa dzira lisanatuluke palibe amene anatenga mimba, pamene amene anamwa dzira litatuluka kale anatenga mimba pa mlingo womwewo umene ukanayembekezeka akanapanda kumwa. Kutanthauza kuti levonorgestrel amagwira ntchito pochedwetsa kapena kuletsa dzira kutuluka, mpaka mbewu zodikira zija zitafa. Mwaona chifukwa chake tinati mugwiritsitse nkhani ya Lolemba ndi Lachinayi ija? Mu December 2022 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linasintha kapepala kaja n'kunena momveka kuti Plan B salepheretsa kukhazikika ndipo sachotsa mimba.

Musawasokoneze ndi mifepristone ndi misoprostol. Amenewo ndi mankhwala ena, ogwira ntchito pa mimba imene yakhazikika kale.

Kusamvetsa kumeneku kwakhala ndi zotsatira zenizeni. Mu 2014 kampani ya masitolo ya Hobby Lobby inapambana mlandu kukhoti lalikulu la America, oweruza 5 kwa 4, kuti isamalipirire antchito ake njira zinayi zolera pa inshulansi: mitundu iwiri ya mapiritsi a pangozi ndi mitundu iwiri ya lupu. Eni kampaniyo ankakhulupirira kuti njirazi zitha kuwononga mluza, ndipo khoti linaweruza poyang'ana ufulu wawo wa chipembedzo. Ku Honduras boma linaletseratu mapiritsi a pangozi mu 2009, ngakhale kwa mtsikana wogwiriridwa, mpaka pulezidenti Xiomara Castro anachotsa chiletsocho pa 8 March 2023.

IVF: chifukwa chake miluza imachuluka

IVF ndi njira yokumanitsa dzira ndi mbewu mu labu kenako n'kuika mluza m'chiberekero. Mwana woyamba kubadwa mwa njirayi, Louise Brown, anabadwira ku Oldham ku England pa 25 July 1978, ndipo mmodzi mwa amene anaitulukira, Robert Edwards, analandira mphoto ya Nobel mu 2010.

Kumbukirani kuti ngakhale m'thupi miluza yambiri siifika patali. Mu labu n'chimodzimodzi. Pa mazira amene dokotala watenga, ena sakhwima, ena sakumana ndi mbewu, ena amasiya kugawikana pa tsiku lachitatu. Ndiye madokotala amakumanitsa mazira angapo, n'kuika mluza umodzi kapena iwiri, yotsalayo n'kuiumitsa mu nayitrojeni wamadzi pa madigiri 196 pansi pa ziro. Ngati mluza uliwonse ndi mwana pamaso pa lamulo, dokotala achite nayo chiyani miluza imene yasiya kukula, kapena imene banja silikuifunanso? Nanga thanki ikawonongeka?

Ku Alabama aphungu anathamanga. Pa 6 March 2024 bwanamkubwa Kay Ivey anasaina lamulo loteteza zipatala za IVF ku milandu, ndipo ntchito inayambiranso. Koma lamulolo silinafafanize mawu a khoti akuti mluza ndi mwana. Dziko la Costa Rica linadutsa kale m'njira imeneyi: khoti lakumeneko linaletsa IVF m'chaka cha 2000, ndipo mu November 2012 khoti loona za ufulu wa anthu la maiko a ku America linagamula kuti chiletsocho chinaphwanya ufulu wa mabanja osabereka. Oweruzawo anati chitetezo cha lamulo chimayamba kugwira ntchito mluza ukakhazikika m'chiberekero.

Mimba ikavuta

Pa mimba 100 zilizonse, imodzi kapena ziwiri zimakhazikika kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'kachubu kaja. Mluza wotere sungakule mpaka kubadwa, ndipo kachubu kakaphulika mayi atha kufa ndi kutaya magazi m'mimba. Palinso nthawi imene nsupa imasweka mimba ili yaing'ono kwambiri, mwana sangakhale ndi moyo kunja, koma mtima wake ukugundabe, pamene tizilombo tayamba kulowa m'chiberekero.

Malamulo ambiri oletsa kuchotsa mimba amalola dokotala kupulumutsa moyo wa mayi. Vuto limakhala pa funso lakuti: adwale kufika pati kuti lamulo livomereze? Ku Ireland, kuyambira 1983, malamulo oyendetsera dziko ankati mayi ndi mwana wosabadwa ali ndi ufulu wofanana wokhala ndi moyo. Mu October 2012 Savita Halappanavar, dokotala wa mano wa zaka 31, anayamba kupita padera mimba ili ndi masabata 17. Anapempha kuti amuthandize kuichotsa, koma anamukaniza chifukwa mtima wa mwana unali ukugundabe. Anamwalira pa 28 October mumzinda wa Galway, tizilombo titalowa m'magazi. Ofufuza anapeza kuti achipatala anachedwa kuzindikira ndi kuchiza matendawo, komanso kuti kusamveka bwino kwa lamulo kunathandizira kuchedwako. Pa 25 May 2018 anthu a ku Ireland anavota, ndipo 66 pa 100 alionse anasankha kuchotsa ndime imeneyo.

Palinso vuto lina la sayansi. Nthawi zambiri dokotala sangasiyanitse, pongoyeza thupi, mimba yochoka yokha ndi yochotsedwa ndi mankhwala. Ku El Salvador, kumene kuchotsa mimba n'koletsedwa pa chifukwa chilichonse kuyambira 1998, ndipo malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 1999 kuti munthu aziwerengedwa kuyambira pa kutenga pathupi, amayi ena osauka amene anakumana ndi ngozi za uchembere anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 30 pa mlandu wakupha.

Mbali ziwiri zikuti chiyani?

Wophunzira wabwino amatha kufotokoza maganizo a mbali imene sagwirizana nayo mpaka eni ake kuvomera kuti wanena zoona. Tiyeni tiyese.

Ochirikiza personhood amati: kuyambira pa zygote pali chamoyo cha mtundu wa anthu, chokhala ndi DNA yake, chimene chikukula mosadukiza. Inu amene mukuwerenganu munali zygote. Malire ena alionse, kaya pa kukhazikika, pa kugunda kwa mtima kapena pa kubadwa, ndi ongoikidwa ndi anthu. Ndipo lamulo liyenera kuteteza kwambiri amene sangadziteteze okha. Mpingo wa Katolika ndi mipingo ina yambiri imaphunzitsa kuti moyo uyenera kutetezedwa kuyambira pachiyambi pomwe. Ambiri a mbali iyi amanenanso kuti cholinga chawo si kuletsa kulera.

Otsutsa amati: mluza umakula m'thupi la munthu wina amene ali kale ndi ufulu wake, ndipo mimba imatha kumuvulaza kapena kumupha. Lamulo silikakamiza munthu kupereka magazi kapena impso, ngakhale kwa mwana wake. Amanenanso kuti lamulo siligwira ntchito motsata zolinga za amene analilemba koma motsata mawu ake, monga zinaonekera ku Alabama. Mfundo yawo yaikulu ndi ufulu wa mayi wosankha yekha za ubereki wake: abereke kapena ayi, liti, ndiponso ana angati. Ufuluwu ukukhudza thanzi mwachindunji. Bungwe la WHO limalangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 atabereka asanatenge mimba ina, ndipo mavuto a uchembere ali m'gulu la zinthu zimene zimapha kwambiri atsikana a zaka 15 mpaka 19 padziko lonse.

Ku America ufulu wolera si wakale monga mungaganizire. Ku Connecticut lamulo la 1879 linkaletsa ngakhale anthu apabanja kugwiritsa ntchito njira zolera. Estelle Griswold atatsegula kiliniki ku New Haven mu 1961 anamangidwa n'kulipitsidwa madola 100, ndipo mlandu wake ndi umene unachititsa khoti lalikulu kuthetsa lamulolo mu 1965. Osakwatira anapatsidwa ufulu womwewo mu 1972. Pa chigamulo cha Dobbs oweruza ambiri anati nkhani ya kulera sakuikhudza, koma woweruza Clarence Thomas analemba payekha kuti chigamulo cha Griswold nachonso chiyenera kuunikidwanso.

Dziwaninso kuti malire si awiri okha. Akatswiri ambiri a Chisilamu amati mzimu umalowa pa masiku 120, ena amati 40. M'malamulo a Chiyuda mwana amawerengedwa mokwanira akabadwa. Ku Britain komiti ya Mary Warnock inapereka ganizo mu 1984 lakuti kafukufuku pa miluza azilekezera pa masiku 14, potengera kamzere kaja.

Nanga kuno ku Africa?

Mawu akuti moyo wa munthu umayamba pa kutenga pathupi ali m'malamulo oyendetsera dziko la Kenya a 2010, pa ndime 26. Ndime yomweyo imalola kuchotsa mimba ngati wachipatala wophunzitsidwa waona kuti moyo kapena thanzi la mayi lili pa ngozi, ndipo njira zolera n'zololedwa. Ku Zambia mawu ofanana ndi amenewa anali m'gulu la zosintha zimene anthu anavotera pa riferendamu ya pa 11 August 2016, koma mavoti sanafike pa chiwerengero chofunika. Ku Malawi kuchotsa mimba n'koletsedwa kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, pamene lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wosankha njira yolera ndi chiwerengero cha ana. Sizinali choncho nthawi zonse: boma linaletsa ntchito zolera m'zaka za m'ma 1960, ndipo zinayambiranso mu 1982 ngati njira yotalikitsa mpata pakati pa ana. Funsani agogo anu, ena akukumbukira.

Sayansi imalekezera pati?

Mukamva mkangano wotere, kaya pa wailesi kaya ku kalabu ya mtsutso, gawani mafunso patatu.

Loyamba ndi funso la mmene zinthu zimagwirira ntchito. Kodi levonorgestrel amaletsa dzira kutuluka kapena amalepheretsa kukhazikika? Ili limayankhidwa ndi kuyesa, ndipo yankho silisintha chifukwa cha chipani kapena mpingo wa wofunsayo.

Lachiwiri ndi funso la chimene chili choyenera. Kodi zygote iyenera kuwerengedwa mofanana ndi mayi amene waisenza? Maikulosikopu singayankhe limeneli. Itha kukuonetsani maselo 8, koma siingakuuzeni kuti maselowo ali ndi ufulu wotani. Amene akunena kuti "sayansi yatsimikiza kuti ndi munthu", ndi amene akunena kuti "sayansi yatsimikiza kuti si munthu", onse awiri akuisenzetsa sayansi katundu amene si wake.

Lachitatu ndi funso la mawu a lamulo. Kodi likadutsa, likhudza ndani amene olemba sanamuganizire? Apa ndi pamene Biology ya masiku 14 ija imagwira ntchito, chifukwa ndi imene imatiuza kuti mzere wolembedwa pa fertilisation umadutsa pa lupu, pa thanki ya IVF ndi pa bedi la mayi wopita padera. Ena mwa inu mudzakhala anamwino, maloya, aphungu kapena makolo, ndipo mafunso atatuwa adzakupezani.

Ngati muli ndi funso lokhudza thupi lanu, kafunseni wachipatala, makamaka kumene kuli chithandizo cha achinyamata, osati kudalira zomva kwa anzanu.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kwa fertilisation ndi implantation. Pakati pake pamapita masiku angati?
2. N'chifukwa chiyani kachipangizo koyezera mimba sikangaonetse kanthu pa tsiku lachitatu dzira litakumana ndi mbewu?
3. Mayi wauzidwa kusikelo kuti mimba yake ndi ya masabata 10. Mluzawo uli ndi masabata angati?
4. Ofufuza a ku Australia ndi ku Chile anagawa amayi m'magulu awiri. Magulu ake anali ati, ndipo zotsatira zikanakhala zotani mapiritsi akanakhala kuti amalepheretsa kukhazikika?
5. Tchulani zifukwa ziwiri zimene madokotala a IVF amakumanitsira mazira angapo m'malo mwa limodzi.

Zokambirana m'magulu

Anthu ambiri a ku Mississippi amadana ndi kuchotsa mimba, koma mu 2011 anakana lamulo la personhood. Kodi anadzitsutsa okha? Gawanani pawiri, gulu lililonse lifotokoze kaye mfundo za gulu linalo mwachilungamo lisananene zake. Pomaliza lembani pa bolodi mfundo zonse zimene zatuluka, ndipo pa iliyonse musonyeze ngati ili ya sayansi, ya chimene chili choyenera, kapena ya mawu a lamulo.